Kuchoka pa mamililita 100 kufika pa malita 5: moyo wanga pa kafukufuku wa ma nanomaterial

Achinyamata amene akumaliza digiri yoyamba ya uinjiniya wa makemikolo amandifunsa kawirikawiri ngati n'koyenera kupitiriza sukulu mpaka kudzakhala wofufuza pa yunivesite, kapena angokalowa ntchito kufakitale monga anzawo ambiri. Amakhala atamva za ma nanomaterial, tinthu tating'ono kwambiri tosaoneka ndi maso, ataona pa intaneti zithunzi zokongola za timachubu ta kaboni, ndiye mtima uli dyokodyoko. Ine sindiwaletsa, komanso sindiwakankhira. Ndimangowafotokozera mmene ntchitoyi imakhalira munthu ukalowamo, chifukwa zithunzizo ndi kachigawo kakang'ono zedi ka zimene timachita.

Nanomita imodzi ndi mita imodzi mutaigawa ka 1 biliyoni. Tsitsi limodzi la munthu limanenepa pafupifupi ma nanomita 80,000, pamene tinthu timene timapanga ife timakhala pakati pa nanomita 1 ndi 100. Kuchepa kokha si nkhani. Nkhani ndi zimene kuchepako kumabweretsa. Tengani kachidutswa ka mbali 6 zofanana, kotalika sentimita imodzi mbali iliyonse. Kunja kwake konse ndi masikweya sentimita 6 basi. Mukakaduladula kukhala tizidutswa ta ma nanomita 10, kulemera sikusintha, koma kunja kwa tizidutswa tonse pamodzi kumafika masikweya mita 600. Popeza makemikolo amasinthana pamene akhudzana, kunja kukachuluka ntchito imafulumira. N'chifukwa chake m'paipi ya utsi ya galimoto amaikamo platinum, palladium ndi rhodium wochepa kwambiri, womwazidwa m'timibulu tating'onoting'ono, ndipo amakwanitsa kuyeretsa utsi kwa zaka. Injiniya wa makemikolo wakhala akugwira tinthu totere kuyambira kalekale, dzina loti nano lisanatchuke n'komwe.

Ine ndinalowa m'zimenezi ndikuchita masitazi, ndipo ntchito yoyamba imene anandipatsa inali yopanga timibulu ta golide. Mumatenga madzi osungunuliramo mchere wa golide, achikasu pang'ono, n'kuwawiritsa mu fulasiki uku kachitsulo ka maginito kakuzungulira pansi. Akabwata mumathiramo sodium citrate nthawi imodzi, osadonthezera. Chikasu chija chimazimirira, madzi amachita mbuu, kenako amada bii ngati mwawononga zonse, ndipo pakapita mphindi zochepa amafiira psuu. Golide amene timamudziwa kuti ndi wachikasu amafiira akakhala m'timibulu ta ma nanomita 10 mpaka 20. Michael Faraday anafotokoza za golide wofiira ameneyu mu 1857, ndipo mabotolo ake akuwasungabe ku Royal Institution ku London. Njira ya citrate anailemba John Turkevich ndi anzake mu 1951. Mukangothiramo kamchere pang'ono, kufiira kuja kumasanduka buluu chifukwa timibulu tagundana n'kumatirirana. Ndiye galasi lililonse timayamba talitsuka ndi aqua regia, asidi wosakaniza woopsa amene amasungunula golide weniweniyo, kuti musatsale kalikonse ka dzulo.

Nditapanga mamililita 100 ofiira bwino, ndinakawaonetsa a profesa amene ankandiyang'anira. Anayang'ana botolo lija pa windo n'kunena kuti, "Zakhala bwino. Tsopano mundipangire malita 5 a zomwezi."

Muyeso uliwonse ndinauchulukitsa ka 50, makemikolo omwewo, madzi omwewo. Chimene chinatuluka chinali chofiirira mopita ku pepo. Pa makina a UV-Vis, oyeza kuwala kumene timibulu timameza, kamsonga ka pa girafu kamene kamaoneka pafupi ndi ma nanomita 520 kanali katafutukuka n'kusunthira kutsogolo, kusonyeza kuti mwasakanikirana timibulu tating'ono ndi tikulutikulu. Ndinabwerera kwa iwo nditakhumudwa, ndati, "A profesa, njira ija pa malita 5 ikukana." Iwo anangondifunsa kuti citrate akutenga masekondi angati kuti afike mbali zonse za chidebe chachikulucho. Funso lomwelo ndakhala ndikuliyankha m'njira zosiyanasiyana moyo wanga wonse wa ntchito.

Chimachitika ndi ichi. Timibulu timabadwa m'masekondi ochepa oyambirira, kenako timangokula. Victor LaMer anafotokoza kale zimenezi mu 1950: ngati mukufuna timibulu tofanana, tonse tibadwe nthawi imodzi. Mu fulasiki yaing'ono zonse zimasakanikirana mwakanthawi. M'chidebe chachikulu, mbali imene mwathirayo timibulu tabadwa kale pamene mbali inayo citrate sanafikeko. Kutentha nakonso kuli ndi zake. Mukakulitsa chidebe ka 10 mbali zonse, zam'kati zimachuluka ka 1,000, koma khoma lodutsitsa kutentha limangochuluka ka 100. Apa ndi pamene maphunziro amene anzanga ankawaona otopetsa ku digiri yoyamba, a kayendedwe ka madzi m'mapaipi, kayendedwe ka kutentha, nambala ya Reynolds, kapangidwe ka riyakita, anasanduka chuma changa. Katswiri wa kemisitile angathe kukuposani popeza chinthu chatsopano. Katswiri wa fizikisi angathe kukuposani pofotokoza chifukwa chake chikuwala choncho. Malo a injiniya ndi oti chinthucho chituluke chimodzimodzi lero, mawa ndi m'manja mwa munthu wina, komanso chochuluka moti n'kugwiritsidwa ntchito. PhD yanga yonse inathera pamenepo: kusiya chidebe chimodzi chachikulu n'kumapopa makemikolo m'timapaipi topyapyala tokumana pamphambano, kuti dontho lililonse lidutse njira yofanana, kwa nthawi yofanana.

Mbiri ya gawoli imanena zomwezi kwa amene akuiwerenga modekha. Andre Geim ndi Konstantin Novoselov anapeza graphene, kaboni wopyapyala ngati atomu imodzi, ku Manchester mu 2004 pomatula graphite, kaboni wa m'mapensulo uja, ndi tepi yomatira, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 2010. Koma ndi tepi simungadzaze thumba. Panafunika anthu ena, monga gulu la Rodney Ruoff ku Texas limene mu 2009 linaonetsa kameredwe ka graphene pa chitsulo cha kopa, kuti nkhani ya zidutswa zikuluzikulu za graphene iyambe kumveka. Ma quantum dot, timibulu towala mitundu yosiyana malinga ndi kukula kwake, anawapeza Alexei Ekimov ndi Louis Brus kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, koma anali osalingana kukula mpaka pamene Moungi Bawendi anabweretsa njira yowapangira ofanana mu 1993. Atatuwa anagawana Nobel mu 2023, ndipo lero tinthu timeneti tili m'ma TV. Katemera wa mRNA wa COVID-19 naye anadalira timibulu ta mafuta tokutira mRNA, uthenga wouza maselo puloteni yoti apange, ndipo kupanga timibulu timeneto kwa anthu mamiliyoni ambiri ndi nkhani ya kusakaniza ethanol ndi madzi mofulumira komanso mofanana nthawi zonse. Ndi funso lija la masekondi.

Njira ya ntchitoyi ndi yodziwika: digiri yoyamba, masitazi, PhD ya zaka 3 mpaka 5 malinga ndi dziko, kenako ntchito ya postdoc, kafukufuku wa amene amaliza PhD, ya kontirakiti ya chaka chimodzi, ziwiri kapena zitatu, mwina kangapo, musanapeze malo okhazikika ophunzitsa. Pa zonsezi chosankha chachikulu si dzina la yunivesite ayi, ndi munthu amene adzakuyang'anireni. Mudzakhala naye zaka zambiri, ndiye amene adzasainire ndalama zanu, kuwerenga zolemba zanu ndi kukulemberani kalata yokuchitirani umboni. Musanavomere, lankhulani ndi ophunzira ake iye palibe, makamaka amene anamaliza n'kuchoka, chifukwa amenewo saopa kanthu. Afunseni kuti amabweza zolemba pakapita nthawi yaitali bwanji, ndani amalembedwa koyamba pa pepala, ndi ophunzira angati anasiyira panjira. Ndinaonapo labu ina ya profesa wotchuka kwambiri kumene ophunzira ankamuona mwa apo ndi apo, ndipo wina anatha chaka chathunthu akudikira yankho la chaputala chimodzi. Dzina lalikulu limatsegula zitseko, n'zoona, koma pokhapokha mutamaliza.

Popeza tinthu tathu sitioneka ndi maso, moyo wathu uli m'manja mwa makina. TEM, maikulosikopu ya ma elekitironi, imatipatsa chithunzi, XRD imatiuza mmene maatomu asanjikirana, BET imayeza kuchuluka kwa kunja kuja pogwiritsa ntchito nitrogen wozizira madigiri 196 pansi pa ziro, DLS imayeza timibulu tili m'madzi. Aliyense mwa makinawa ali ndi bodza lake, ndipo wofufuza weniweni ndi amene amadziwa mabodzawo. DLS imakondera tikulutikulu: kambulu kamodzi ka ma nanomita 100 kamamwaza kuwala kofanana ndi timibulu 1 miliyoni ta ma nanomita 10, choncho kafumbi kochepa kangathe kukusokonezani. TEM imakuonetsani kachigawo kamene mwasankha nokha. Pa kagiridi ka kopa ka mamilimita 3 kamene timaikapo timibulu, mumayendayenda m'chipinda cha mdima, mbali zambiri muli milumilu ya zomatirirana, kenako mumapeza kangodya kamodzi kamene timibulu tandandalika bwinobwino. Dzanja limathamangira kujambula pamenepo. Chithunzi chimenecho n'chimene chimapita m'magazini, ndipo n'chimene chimakopa achinyamata. Chilungamo n'kujambula malo ambiri, abwino ndi oipa omwe, kuyeza timibulu mazanamazana, n'kusonyeza mmene kukula kwake kwamwazikira.

Pano ndipatuke pang'ono ndinene za ma tekinishani. Munthu amene wakhala pa maikulosikopu imodzi zaka 20 amadziwa zambiri kuposa buku la makinawo. Muziwapatsa ulemu, muzifika pa nthawi imene mwalembetsa, musawabweretsere zinthu zonyowa zoipitsa makina, ndipo athokozeni m'pepala lanu. Wophunzira amene amawaona ngati antchito ake amadikira pamzere mpaka atatopa. Zambiri zimene ndikudziwa za XRD sindinaziphunzire m'kalasi, ndinaziphunzira nditakhala pambali pa bambo wina wofatsa amene analibe PhD.

Pali msampha wina umene ndimachenjeza wophunzira aliyense. M'gawo lathu muli mapepala osawerengeka a mtundu umodzi: munthu wapanga kaufa katsopano, wakathira m'madzi oyera a mu labu osakaniza ndi utoto wa methylene blue, utoto wachoka, ndiye akulengeza kuti wapeza njira yoyeretsera madzi oipa. N'zosavuta, n'zotsika mtengo, ndipo pepala limatuluka msanga. Koma madzi otuluka m'fakitale muli mchere, mafuta, zitsulo ndi zonyansa zina zimene zimalimbirana malo pa kaufako. Kodi kaufako mudzakachotsa bwanji m'madzimo mukamaliza? Kagwira ntchito kangati kasanafooke? Kakuposa makala wamba oyeretsera madzi amene alipo kale? Pa ntchito yoyeretsa madzi ndi kuwala, kakuposa titanium dioxide wa P25 amene aliyense amagula? Sindikunyoza amene anayambira pamenepo, poti pophunzirira mpabwino. Koma munthu akamanga moyo wake wonse wa ntchito pa kusintha ufa ndi utoto chaka n'chaka, mapepala amachuluka, koma palibe amene wathandizidwa.

Mavuto ake ndi akuti ku yunivesite amawerenga mapepala. Kukwezedwa pa ntchito, kupeza ndalama, ngakhale kuitanidwa ku msonkhano, zonse zimayang'ana chiwerengero. Chiyambireni Jorge Hirsch kubweretsa h-index mu 2005, munthu amatha kumuyeza ndi nambala imodzi. Asayansi ena anakana zoyeza kafukufuku ndi kutchuka kwa magazini, mu chikalata cha DORA chimene chinayambira ku San Francisco mu 2012, koma makomiti ambiri sanasinthe kwenikweni. Ndiye mudzakanidwa, kambirimbiri. Pepala limene mwalivutikira zaka ziwiri lidzabwezedwa ndi ndemanga za munthu wosadziwika amene mwina sanaliwerenge lonse. Ine ndimaliika m'dirowa masiku angapo mkwiyo uyambe waphwa, kenako ndimayankha mfundo imodziimodzi mwaulemu. Nthawi zambiri pa ndemanga zowawazo pamakhala ina imodzi yoona.

Mukamadikira choncho, mudzayamba kulandira maimelo okutamandani, okuitanani kuti mutumize pepala ku magazini amene simunawamvepo, ndi lonjezo loti lituluka sabata yomweyo mukangolipira. Amenewo ndi akuba. Jeffrey Beall ankasunga mndandanda wa magazini otere mpaka unatsekedwa mu 2017. Musanatumize, fufuzani ngati magaziniwo ali m'mindandanda ya magazini monga Scopus, Web of Science kapena DOAJ, ndipo funsani achikulire a m'gawo lanu ngati amawawerenga. Pepala limene lalowa kolakwika silituluka, ndipo limakutsatirani pa CV.

Nkhani ya Jan Hendrik Schön ndimaifotokoza kwa wophunzira aliyense watsopano. Anali wasayansi wachinyamata ku Bell Labs, malo ofufuzira a ku America, akutulutsa mapepala motsatizana mu Science ndi Nature, ena a ma transistor a kukula kwa molekyulu. Ma labu ena ankalephera kubwereza zimene ankanenazo. Kenako anthu anaona kuti ma girafu a zoyesa zosiyana akufanana mpaka timizere tosokonekera timene sitingafanane mwangozi. Komiti itafufuza mu 2002, inapeza kuti analibe mabuku olongosoka a mu labu ndipo zoyeza zoyambirira zinali zitafufutidwa. Anachotsedwa ntchito, mapepala anabwezedwa, ndipo yunivesite ya Konstanz inamulanda udokotala. Pakati pake panali ophunzira a PhD m'mayiko osiyanasiyana amene anataya zaka akuthamangitsa chinthu chimene kunalibe. N'chifukwa chake buku la mu labu ndimalitenga ngati chinthu chopatulika: lolemba ndi cholembera chosafufutika, tsiku, nambala ya botolo la kemikolo, liwiro la kutakasa, ngakhale kutentha kwa m'chipinda. Pa tinthu ta nano, botolo latsopano la kemikolo yemweyo, lochokera ku kampani yomweyo, lingathe kusintha zotsatira.

Za ndalama ndinene mosabisa. Anzanu amene anapita kumafakitale a mafuta, feteleza kapena mankhwala adzakhala atamanga nyumba inu mukadali pa ndalama ya wophunzira. Mukakhala mphunzitsi, nthawi yambiri mudzathera polemba mapempho a ndalama za kafukufuku, ndipo ambiri mwa iwo adzakanidwa. Kwa ochokera m'mayiko osauka kuli TWAS ya ku Trieste, imene anayambitsa Abdus Salam mu 1983, kuli OWSD ya amayi asayansi, DAAD ya ku Germany, ndi maphunziro a Commonwealth. Yambani kulemba msanga, ndipo pempho lanu liwerengedwe ndi munthu amene anapezapo kale. Ngati yunivesite yanu ilibe TEM, musataye mtima, komanso musasankhe funso lofuna TEM tsiku lililonse. Ndi sikelo yabwino, ng'anjo, UV-Vis ndi pampu mungathe kuyankha mafunso enieni a kusakaniza, kutentha ndi kulimba kwa katalisiti, chinthu chofulumizitsa kusinthana kwa makemikolo. Zotsalazo ndi za mgwirizano, poti mutu umodzi susenza denga. Malo aakulu monga synchrotron ya ESRF ku Grenoble amapereka nthawi pa makina awo kwa amene alemba pempho logwira mtima. Koma mgwirizano muzikambirana poyambirira kuti ndani achita chiyani ndipo dzina la ndani likhala pati, kuti musadzasanduke wongotumiza zinthu ena n'kumalemba.

Nditapeza malo ophunzitsa, chimene chinandidzidzimutsa ndi kuchepa kwa nthawi ya mu labu. Makalasi, kuchonga mayeso, misonkhano ya dipatimenti, ophunzira ogogoda pachitseko. Manja anu amachoka pa fulasiki, mumayamba kugwira ntchito kudzera m'manja mwa ena, ndipo palibe amene anakuphunzitsani kuyang'anira anthu. Ine ndinapatula m'mawa wa masiku awiri pa sabata, chitseko chotseka, foni yozima, ndipo ndimawateteza mwankhanza. Za banja nazo muziganizire msanga. Zaka za postdoc zosamukasamuka zimagwera nthawi yomwe ambiri amafuna kukhazikika ndi kulera ana, ndipo katunduyu amalemera kwambiri kwa amayi. Wasayansi Katalin Karikó anatsitsidwa pa udindo ku yunivesite mu 1995 chifukwa ntchito yake ya mRNA sinkapeza ndalama, n'kudzalandira Nobel mu 2023. Anthu amakonda kuifotokoza nkhaniyi ngati yolimbikitsa. Ine ndimaionanso ngati chenjezo, chifukwa ambiri amene anatsitsidwa chotero sanadzatchulidwenso. Amene waona kuti ntchito ya ku yunivesite si yake n'kupita ku kampani sanalephere kanthu, ndipo ena mwa ophunzira anga anzeru kwambiri ali kumeneko.

Thupi lanu mulisamale kuposa pepala lililonse. Ufa wa nano ukauma umauluka osaoneka n'kulowa mpaka pansi pa mapapo. Mu 2008 kafukufuku wa pa mbewa anasonyeza kuti timachubu ta kaboni titalitali tingathe kuvulaza mofanana ndi asbestos, ndipo mu 2014 bungwe lofufuza za khansa la IARC linaika mtundu umodzi wa timachubuto m'gulu la zinthu zimene mwina zingayambitse khansa. Ngati n'kotheka, tinthuti tizikhala m'madzi. Poyeza ufa wouma gwiritsani ntchito kabati yokoka mpweya, ndipo ukatayika muziupukuta ndi nsalu yonyowa, osasesa. Amene akupanga graphene oxide mwa njira ya Hummers ya mu 1958 adziwe kuti potassium permanganate akakumana ndi asidi wa sulfuric wamphamvu pamapangika chinthu chimene chingaphulike kutentha kukapitirira madigiri 55. Muzithira pang'onopang'ono, chidebe chili m'madzi oundana, ndipo kumbukirani nkhani ya khoma ija: muyeso umene unali wotetezeka pa galamu imodzi sungakhale wotetezeka pa magalamu 50. Asidi wa HF, amene ena amapangira ma MXene, mtundu wina wa nanomaterial, samapweteka msanga koma amalowa mpaka ku mafupa. Musamugwire muli nokha mu labu, kapena popanda calcium gluconate pafupi. Zotsala zonse zili ndi mabotolo ake, sizipita mu sinki.

Wophunzira watsopano akabwera kwa ine ndi maganizo ake aakulu, ndimawalemba pa pepala n'kuwasunga kaye. Miyezi yoyambirira ndimamupatsa pepala la anthu ena, lofalitsidwa kale, kuti abwereze zimene anachitazo mpaka zituluke chimodzimodzi katatu motsatizana. Ambiri amadandaula kuti akuchedwa, anzawo m'ma labu ena ayamba kale zatsopano. Zikatheka, ndimatenga buku lake la mu labu n'kulipereka kwa mnzake amene sanaonepo ntchitoyo, ndipo mwini buku saloledwa kulankhula. Mnzakeyo akalephera, timakhala pansi atatu n'kufufuza chimene sichinalembedwe. Nthawi zina amakhala sanalembe kuti amathira asidi asanayatse chotenthetsera kapena atayatsa kale, nthawi zina ndi kukula kwa kachitsulo kotakasira. Akazilemba, mnzake uja amayesanso, ndipo zikatuluka ndimamuuza kuti achulukitse muyeso ka 10.